ULENDO WA KU K'GARI: WOLAMULA NTHAWI NDI NYANJA

Kum'mawa kwa dziko la Australia, m'chigawo cha Queensland, kuli chilumba chotchedwa K'gari, chimene kale chinkadziwika ndi dzina loti Fraser Island. M'chaka cha 2023 boma lidabwezera dzina la makolo limene eni nthaka, anthu a mtundu wa Butchulla, adachipatsa. Ndicho chilumba chamchenga chachikulu koposa zonse pa dziko lapansi, ndipo m'litali mwake chipitirira makilomita 120. Ife a m'banja mwathu tili kukonzekera kukagona kumeneko m'matenti masiku anayi, ndipo taona kuti n'kwabwino kuti tigawane nanu, makolo ndi achinyamata, zimene kukonzekeraku kwatiphunzitsa.

Choyamba ndi galimoto. Imafunika yokoka ndi matayala onse anayi, pakuti njira za pachilumbapo ndi mchenga wokhawokha. Timaolokera pa chombo chonyamula magalimoto kuchokera ku Inskip Point kapena ku River Heads, titagula kale chilolezo cha galimoto ndi cha malo ogona. Tisanalowe mumchenga tiyenera kuphwetsako matayala mpaka 18 kapena 20 psi, kuti tayala lifutukuke ndi kuyenda pamwamba m'malo mokumba. Talongedzanso fosholo, chingwe chokokera, pampu, madzi akumwa ndi mankhwala a pangozi.

Komatu mphamvu za galimoto sizipambana nyanja. Msewu waukulu wa chilumbachi ndi gombe lenilenilo, lotchedwa Seventy-Five Mile Beach. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Ikaphwa, mchenga umalimba, ndipo lamulo limalola liwiro la makilomita 80 pa ola. Ikadzaza, msewuwo umamira. Chifukwa chake tapachika pakhoma ndandanda ya nthawi za madzi, ndipo ndiyo ikutiuza ola lodzuka, lodya ndi lonyamuka. Ana athu afunitsitsa kuona chombo cha Maheno, chimene chidakankhidwira pagombepo ndi namondwe m'chaka cha 1935, ndiponso kusamba mu mtsinje wa Eli Creek. Tawauza kuti zonsezo tidzaziona, koma pa nthawi imene nyanja idzatipatsa njira. Kusambira m'nyanjamo ndiye ayi, popeza muli shaki ndi mafunde okoka.

Nkhani imene takhalira pansi nthawi yaitali ndi ya agalu a m'tchire otchedwa dingo. Maonekedwe ao ali ngati a galu wapakhomo, ndipo apa ndiye pagona ngozi. M'chaka cha 2001 mnyamata wa zaka 9 adaphedwa ndi agaluwa pafupi ndi Waddy Point. Kholo lililonse likamva zotere mtima umagunda. Motero tasankha kukagona ku Dundubara, kumene malo a matenti ndi otchingidwa ndi mpanda. Tapangana kuti mwana asatalikire munthu wamkulu koposa pamene mkono ufika, kuti zakudya zonse zizitsekeredwa m'mabokosi olimba, ndipo kuti tikakumana ndi dingo tisathawe, koma tiime pamodzi, timuyang'ane, n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Kumpatsa chakudya ndi mlandu, chifukwa dingo wozolowera kudya kwa anthu amaleka kuwaopa. Ana tawayeseza zimenezi pabwalo kufikira wamng'ono yemwe wazidziwa.

Achinyamata athu adadandaula atamva kuti sitidzakoleza moto paliponse pamene tafuna, ati msasa wopanda moto ndi msasa wanji? Tidawafotokozera kuti m'chaka cha 2020 moto wosonkhedwa mosaloledwa ndi anthu okagona kutchire udatentha pafupifupi theka la chilumbachi, ndipo udayaka kwa miyezi iwiri. Pamenepo iwo eni adapita kukayesa chitofu cha gasi ngati chili bwino.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna madzi oyera a nyanja ya Boorangoora ndi nkhalango zomera pamchenga avomerenso malamulo a eni malo. Ana athu aona bambo ndi mayi ao akuwerenga, akufunsa, ndi kusintha zofuna zao chifukwa cha madzi ndi nyama. Mwina chimenechi adzachikumbukira koposa chombo chadzimbiri chija. Katundu tamanga, chotsala n'kudikira kuti nyanja iphwe.