Tikiti ya Chaka Chonse

Mphwanga atabwera kuchokera ku Johannesburg anandisimbira za Gold Reef City, kumene anthu amalipira pachipata kuti akakwere makina ozungulira. Anati malo ena otere amagulitsa tikiti imodzi ya chaka chonse, yopepukira munthu wopitako kawirikawiri.

Ine ndinakhumbira ndithu, pakuti m'chaka cha 2022, pamene Dedza Dynamos inalowa mu Super League, ndinkalipira pachipata nthawi iliyonse ndikafuna kuonera mpira. Koma usiku ndinawerenga pa zala. Tsiku lina la mpira ndinkakumba kachewere, lina ndinali kumaliro ku Bembeke, lina chisanu cha mu June chinandigoneka ndi chifuwa. Chaka chonsecho ndinaonera kanayi kokha. Tikiti yotereyo ikadangogona m'thumba la jekete, kachewere wanga atapita kale.