Ku Yellowstone njati imatseka msewu, kwathu njovu imatha munda

Abale anga, amene mwafunsa ngati utsi wa m'zithunzi za ulendo wanga wa ku paki ya Yellowstone ndi moto wolusa, ayi ndithu, ndi nthunzi. Pansi pa Yellowstone pali miyala yotentha koopsa. Madzi a mvula akalowa m'ming'alu amakawira komweko, kenako n'kutumphuka. Kasupe wotchuka wa Old Faithful amalavula madzi m'mwamba pakangotha mphindi pafupifupi 90, anthu n'kumadikira pamabenchi, mafoni ali m'manja. Dziwe la Grand Prismatic ndi labuluu pakati, m'mbali muli chikasu ndi kufiirira chifukwa cha tizilombo tokonda kutentha. Ponseponse fungo la mazira owola lili guu.

Tinalowera kumwera, kudzera ku Grand Teton m'chigawo cha Wyoming. Pageti tinalipira madola 35 galimoto yonse, tikiti ya sabata yathunthu. Woyendetsa ndiwe wemwe, palibe wa gemu wokuperekeza ndi mfuti. Lamulo amangokuuza: njati uitalikire mamita 23, chimbalangondo ndi mimbulu mamita 91. M'chigwa cha Lamar njati zinaima pakati pa msewu, magalimoto ndondondo, popanda woimba hutala. Ine wozolowera madalaivala a minibasi a ku Limbe ndinachita kudabwa.

Koma chondikhudza kwambiri ndi anthu amene ndinawapezako. Ndi eni dziko: agogo opuma pantchito, mabanja ogona m'matenti, ana akulemba m'timabuku mayina a nyama. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1872 ndipo imalandira alendo oposa 4 miliyoni pachaka. Kwathu munthu amabadwira ku Machinga, n'kukalamba asanalowepo m'paki ya Liwonde, chonsecho Mmalawi amalipira zochepa pageti kuyerekeza ndi mlendo. Timati kumeneko n'kwa azungu.

Musafulumire kutinyoza. Mzungu wa kuno akamakonda njati n'chifukwa choti siimudyera chimanga. Mbali zambiri za Yellowstone zazunguliridwa ndi nkhalango zina za boma, n'chifukwa chake kulibe mpanda. Ndipo pamene pali alimi, nkhani imasintha. Njati zikatulukira ku Montana zina zimaphedwa poopa kuti zipatsira ng'ombe matenda. Mimbulu imene anaibwezeretsa mu 1995 oweta ziweto ambiri mpaka lero saifuna. Tsono mlimi wa kufupi ndi paki ya Kasungu, kumene anapititsako njovu 263 mu 2022, akamadandaula kuti munda watha usiku umodzi, si umbuli. Nawonso anthu a mtundu wa Shoshone ndi mitundu ina amene ankakhala kuno anachotsedwa kuti paki ya kuno ikhale ya alendo, monga anthu anasamutsidwira pokulitsa paki yathu ya Nyika mu 1978.

Za akasupe ndiye zosiyana kwenikweni. Kuno umayenda pamatabwa okhaokha, ukatsikapo ndi mlandu, chifukwa nthaka ndi yopyapyala ndipo anthu anafapo atagwera m'madzi owira. Ku Mawira, ku Nkhotakota, madzi otentha ndi osamba ndi kuchapira, amayi akucheza, ana akusewera. Ine sindikuona cholakwika pamenepo. Akasupe athu ali ndi ntchito, a kuno ndi ongoyang'ana. Chimandiwawa ndi mapepala a sopo otayidwa paliponse, komanso kusowa ngakhale chikwangwani chofotokozera mwana wa sukulu kuti kutenthaku kukuchokera m'chigwa chachikulu chomwe chinang'amba nthaka n'kutipatsa nyanja.

Nyama tili nazo. Ku Majete zinali zitatsala pang'ono kutheratu pomwe bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mu 2003, koma lero kuli mikango, zipembere, njovu, akambuku ndi njati. Kuchokera ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita ngati 70 basi. Chikusowa ndi mayendedwe, chifukwa ulendo woterewu umafuna galimoto yako, ndipo mafuta mukuwadziwa nokha. Inu a mabasi amene mumanyamula ana a sukulu ndi a kwaya kupita ku Mangochi, bwanji Loweruka lina osayesako njira ya ku Chikwawa? Mukalengeza mtengo, ine ndilipirira adzukulu anga onse a ku Ndirande.