Waya wa kopa pa ulendo wa ku St Helena

Kuchoka ku Cape Town kukafika pachilumba cha St Helena ndi mtunda wa mamailosi apanyanja pafupifupi 1,700, ndipo mukalowa pakati palibenso doko lothawirako. Netiweki ya foni imatha phiri la Table Mountain likuonekabe kumbuyo. Wailesi ya VHF, imene maboti amalankhulirana pa chanelo 16, imangofika cha kumene maso amalekezera. Kupitirira apo, boti la matanga lopanda zipangizo za setilaiti limamvera za nyengo pa shortwave, ndipo shortwave popanda eriyo yabwino ndi phokoso lokhalokha.

N'chifukwa chake tili padoko nkhani ya eriyo inatitengera nthawi kuposa ya chakudya. Mwini boti, bambo wachikulire amene anandilola kukwera nawo ngati wothandiza, anali ndi wailesi yongomvera, yosatumiza mawu. Mfundo imeneyi ndi imene alangizi ambiri apadoko ankaiphonya.

Ambiri ankati tidule backstay, waya wachitsulo uja wochokera pansonga ya mlongoti kukafika kumbuyo kwa boti, tiikemo ma insulator awiri kuti chigawo chapakati chisanduke eriyo. Maboti ambiri oyenda maulendo ataliatali amatero, ndipo kwa munthu wotumiza mawu pa wailesi ya shortwave ndi nzeru, malinga akhale ndi tuner komanso njira yabwino yolumikizira wailesiyo kumadzi. Koma waya umenewu ndi umodzi mwa amene amagwira mlongoti kuti usagwe. Kuudula pawiri n'kuwonjezera malo amene angathe kulephera mphepo itakula, ndipo mtengo wake si wamasewera. Bambowo anangopukusa mutu n'kunena kuti sangaike mlongoti pachiswe chifukwa cha wailesi yongomvera. Ndinagwirizana nawo, ndipo mpaka lero ndikuona kuti anaganiza bwino.

Ndodo ya fiberglass ya mamita 7 yoimika kumbuyo tinaikana msanga, poti malowo anali atadzaza kale ndi masola. Eriyo yaifupi yokhala ndi chokuzira mphamvu mkati inandikopa chifukwa siidya malo, koma imakuza chilichonse, ngakhale phokoso lochokera m'boti lomwelo.

Tinasankha waya wamba wa kopa wokutidwa ndi pulasitiki, wa mamita pafupifupi 10. Nsonga imodzi tinaimangirira ku chingwe chopatula n'kuikoka mpaka m'mwamba, motalikirana ndi mawaya achitsulo ogwira mlongoti; ina tinailowetsa m'kati mpaka pa wailesi. Amene anakula akuona amalume awo akuponya waya pamtengo wa mango kuti wailesi ikoke masiteshoni akutali, ntchito imeneyi sangaione yachilendo.

Masiku oyamba a ulendo anali ozizira. Madzi a Benguela amachokera kummwera, ndipo usiku mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Mafunde ankatikankha chakumbuyo, boti likupendama uku ndi uku. Titatsegula wailesi koyamba, munangomveka kulira kwa ziii! kosalekeza. Bambowo sanakhudze n'komwe waya uja. Anati: “Mwana wanga, zimitsa furiji.” Ndinazimitsa. Kenako inverter, kenako kachipangizo kolamulira magetsi a sola, pomaliza mababu a LED a m'kati. Chilichonse chikazima phokoso linkatsika, mpaka mawu a Cape Town Radio anatuluka, akutchula mphamvu ya mphepo dera ndi dera.

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti pomvera, vuto kawirikawiri silikhala kuchepa kwa mphamvu ya siteshoni. Boti lamakono ladzaza ndi tizipangizo timene timayatsa ndi kuzimitsa magetsi kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo kalikonse kamafalitsa phokoso lake. Eriyo yodula yoikidwa pafupi ndi zimenezi imagonja kwa waya wotchipa wopachikidwa patali. Kuyambira pamenepo, nthawi ya za nyengo ikakwana tinkazimitsa zonse kupatula nyali za panja zochenjeza zombo.

Ndinaphunziranso kusintha malo omvera potengera dzuwa. Shortwave imafika kutali chifukwa imagunda mlengalenga cha kumwamba n'kubwerera pansi, ndipo dera limenelo limasintha dzuwa likatuluka ndi likalowa. Masana tinkafufuza cha ku 13 MHz, usiku tinkatsikira ku 8 kapena 4 MHz. Pamene mphepo yokhazikika ya kummwera chakummawa inatipeza, nyanja n'kuyamba kufunda, usiku wina ndili pa ulonda ndinakoka BBC. Inkamveka bwino zedi, ndipo n'zosadabwitsa poti ili ndi siteshoni yomwaza mawu pachilumba cha Ascension, kumpoto kwa kumene tinkalowera.

St Helena inaonekera m'mamawa, miyala yakuda yotsetsereka molunjika m'madzi. Titayandikira Jamestown, ntchito inabwerera kwa VHF. Tinatsitsa waya uja n'kupeza kuti pamene unkakhuzana ndi chingwe pulasitiki yayamba kuperepeseka, ndipo polumikizira pachita dzimbiri lobiriwira chifukwa cha mchere. Bambowo anadulapo pang'ono, n'kulumikizanso, n'kupakapo girizi, pokonzekera ulendo wawo wopitirira ku Brazil. Ine ndinatsikira kumtunda kukakwera masitepe 699 a Jacob's Ladder.