Kodi mapanga awiri avumbwitsadi?

Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Ine mwambi umenewu ndimalimbana nawo kuntchito, pena kuutsutsa, pena kuuvomera. Ntchito yanga ndi yosamala seva, kompyuta ija imene imagawira intaneti makompyuta onse a muofesi. Ofesi ikadalira kampani imodzi, tsiku limene chingwe chaduka malipiro a anthu sapita kubanki, makalata satuluka, aliyense amangogwira njakata. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa mabwana kuti tizikhala ndi mizere iwiri.

Kugawa katundu pa mizere iwiriyo si matsenga ayi. Pa seva ya Linux, lamulo la ip route limalola njira ziwiri zotulukira, iliyonse ndi muyeso wake. Mzere wina ukakhala waukulu kawiri kuposa unzake, ndimauza seva kuti pa maulendo atatu alionse, awiri azidzera ku waukuluwo. Koma musanyengedwe, abale anga: fayilo imodzi imadzera mzere umodzi basi, liwiro lake siliwonjezeka. Chimene timapindula n'chakuti anthu sapanikizana pakhomo limodzi. Ndiponso yankho liyenera kutulukira mzere womwewo umene funso lidalowera. Apa m'pamene ip rule imagwira ntchito, mzere uliwonse ndi tebulo lake. Mukapanda kutero, wakunja amagogoda khomo ili, inu n'kuyankhira khomo lina, iye osakumvani.

Pena mwambi uja umapambana. Malawi alibe nyanja ya mchere, ndiye intaneti yathu imadzera kwa anansi kukafika ku zingwe zapansi pa nyanja ya mchere. Pa 12 May 2024 zingwe za EASSy ndi Seacom zidaduka tsiku limodzi, ndipo intaneti idavuta ku Tanzania, Kenya, Mozambique ngakhalenso kuno kwathu. Choncho ndimafunsa makampani onse awiri kuti chingwe chawo chimadzera kuti. Akakhala kuti amakakumana kutsogoloko, ndiye kuti phanga ndi limodzi, makomo okha ndiwo awiri.

Koma chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni ndi nthawi yosintha zinthu. Tayerekezani muli ku Blantyre, seva ili ku Mzuzu, ndipo mukuilamula kudzera pa intaneti yomweyo imene mukuikonza. Kalamulo kamodzi kolakwika, mwadzitsekera kunja. Chotsala n'kukwera basi, ofesi yonse ikudikira inu.

Ndiye lamulo langa n'lakuti njira yobwerera ndiyambe ndaikonza ndisanakhudze kanthu. Ndimakopera mafayilo onse akale n'kulembapo tsiku, malamulo otchingira seva n'kuwasunga ndi iptables-save. Kenaka, ndi lamulo la at, ndimauza seva kuti pakatha mphindi 5 ibwezeretse yokha zonse mmene zidalili. Ndikatero m'pamene ndimasintha, chinthu chimodzi chokha, n'kuyesa kulowanso mwatsopano pawindo lina, pakuti kulumikizana kwakale kumatha kukhalabe moyo n'kukunamizani kuti zili bwino. Zikayenda, ndimafufuta lamulo lobwezera lija ndi atrm. Zikakanika, ndimapita kukathira tiyi, seva n'kudzichiritsa yokha.

Nzeru imeneyi si yanga. Pa Ubuntu, netplan try imadikira masekondi 120, mukapanda kuvomereza imabwerera pakale. Makina a Juniper ali ndi commit confirmed, imene imadikira mphindi 10. Amisiri amene adapanga zimenezi ankadziwa kuti ngakhale katswiri chala chimaterereka.

Anyamata amene ndimawaphunzitsa amati ndine wamantha chifukwa sindisintha kanthu Lachisanu madzulo kapena kumapeto kwa mwezi. Eetu, mantha ndili nawo. Kuseri kwa seva ija kuli mayi amene akudikira malipiro kuti akagule thumba la chimanga, ndipo iyeyo za ip route alibe nazo ntchito. Mapanga awiri ngabwino ndithu, bola njira ya pakati pake muidziwe mvula isanagwe.