Malire a pa Likoma

Titatsika m'sitima ya Ilala pa Likoma, tinamva nkhwazi ziwiri zikulira mumtengo wa mlambe. Asodzi amati kulira kumeneko ndi chenjezo loti gombelo lili ndi eni. Ina ikayandikira zimaipirikitsa. M'madzi namo ndi chimodzimodzi. Mbuna yaimuna, kansomba kotalika ngati chala, imalondera mwala wake tsiku lonse.

Anthufe timatchinga malo ndi mapepala. Chilumbachi chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, mapiri a Cobue ali poteropo, koma ndi cha Malawi. Amishoni a UMCA anakhazikikapo m'ma 1880, ndipo pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linachisiya m'manja mwa Angerezi. Choncho, abale, msodzi wa pano akangopalasa pang'ono kutsata usipa wodyetsa ana ake, walowa kale m'dziko la eni.