Dalaivala wa ku Domwe amene sanagwirepo chiwongolero

Kumunsi kwa phiri la Domwe, m'mudzi wina woyandikana ndi mseu wopita ku Ulongwe, muli mnyamata wa zaka 22 amene anzake anampatsa dzina loti Dalaivala. Chiwongolero cha galimoto sanachigwirepo chibadwire. Chimene amayendetsa ndi njinga yakapalasa basi, nayonso ndi ya amalume ake. Koma mutangomfunsa mmene amabwezera m'mbuyo lole yokoka ngolo, mudzakhala pansi mpaka dzuwa kulowa iye akufotokozabe.

Nzeru zonsezi anazitenga m'foni. Chaka china mbatatesi itagulidwa bwino, anagula foni yogwiritsidwapo kale ntchito pa msika wa ku Ulongwe, ndipo mnzake wina anamuikiramo masewera oyendetsa lole opangidwa ku Brazil. Masewera amtundu umenewu amatchedwa oyerekeza. Mulibe mfuti kapena zigawenga ai. Munthu amapatsidwa ntchito yeniyeni, koma ya m'chithunzi: ena amalima ndi thirakitala, ena amaulutsa ndege, ena amanyamula anthu pa basi. Iye ake anali a katundu. Amasenzetsa matabwa kapena simenti m'tauni ina n'kukatsitsa ku tauni ina. Mafuta amatha, matayala amaphulika, ndipo ukathamangitsa amakulipiritsa. Ukafikitsa katundu bwino umalandira ndalama za m'masewera momwemo, zimene sizigula ngakhale mchere wa pa mbale, koma zimagula lole yaikulu kuposa yoyamba.

Aliyense wokulira ku Angonia adziwa chifukwa chake mtima wa mnyamatayu unakodwa. Nthawi yokolola ikafika, malole amabwera kudzatenga mbatatesi, chimanga, nyemba ndi fodya. Mlimi amatsala ndi fumbi, pamene dalaivala amakwera pamwamba, n'kutseka chitseko, n'kupita ku Tete, ku Beira, mwinanso mpaka ku Maputo. Kuyambira ali mwana iye ankaimirira m'mbali mwa mseu kuwerenga matayala. Koma chiphaso choyendetsera galimoto zikuluzikulu chimafuna ndalama za sukulu, za mayeso ndi za ulendo, ndipo ndalama zoterozo sizipezeka ndi dimba limodzi. M'foni munalibe wofunsa chiphaso. Ankangotsegula, injini n'kulira.

Tsono masewerawo anali ndi chilema chimodzi: anali osatha kupangidwa. Eni ake sanabise. Potsegula pomwe pankabwera mau a Chipwitikizi onena kuti ntchito idakali m'kati, ndipo zolakwika zikhoza kuoneka. Zinkaonekadi. Mseu wina unkathera pa mlatho womangidwa theka, kutsogolo kuli mbee. Tsiku lina lole yodzaza ndi katundu inangomira m'phula ngati yagwa m'chitsime. Tsiku linanso anapeza galimoto zitaunjikana pa mphambano, ina pamwamba pa inzake, zonse zikuliza mabelu. Ndipo nthawi ndi nthawi eni masewerawo ankalonjeza kuti posachedwa kubwera mvula, matauni atsopano ndi malole atsopano. Posachedwa ameneyu nthawi zina ankatenga miyezi isanu.

Mwina ena mufunsa kuti kodi munthu angatulutse bwanji chinthu chosatha. Kumaiko akunja umenewu ndi mchitidwe wodziwika. Opanga masewera ambiri ndi timagulu ta anthu ochepa, opanda ndalama zokwanira kugwira ntchito zaka zitatu osalandira kanthu. Choncho amatulutsa chimene chilipo, anthu n'kumasewera, kulipira pang'ono kapena kuonera malonda otsatsidwa m'katimo, ndiponso kunena pamene palakwika. Masewera otchuka a Minecraft anayamba choncho. Markus Persson wa ku Sweden anawatulutsa mu 2009 asanathe, n'kumawagulitsa ali choncho, ndipo anadzawamaliza mu November 2011. Pofika 2023 anali atagulidwa koposa 300 miliyoni. Mu 2013 msika waukulu wa masewera a pa kompyuta wotchedwa Steam unatsegula gawo lapadera logulitsirako masewera osatha. Koma si onse amene amafika kumapeto msanga. Opanga Star Citizen, masewera oyendetsa zombo zam'mlengalenga, anayamba kusonkhetsa ndalama mu 2012, ndipo pofika 2024 anthu anali atapereka madola opitirira 700 miliyoni, masewerawo asanamalizidwebe. Ngakhale amene anatuluka atatha samaima. Euro Truck Simulator 2, ya kampani ya SCS Software ya ku Prague, inatuluka mu 2012, koma miseu ya ku Portugal ndi Spain anadzaionjezera mu 2021.

Dalaivala wathu zonsezi sizinkamkhumudwitsa poyamba. Kunena zoona, kusatha komweko ndiko kunkamkoka. Ankamva ngati munthu amene akuonerera mudzi ukumangidwa, lero papezeka sitolo pamene dzulo panali tchire. Akamva kuti kwatuluka zoonjezera, zimene anyamata amazitcha apudeti, tulo sankatiwona. Ankagula mamega, n'kukwera pa chulu cha kuseri kwa khola pamene netiweki imagwira bwino, n'kukhala pamenepo m'chisanu cha ku Domwe atadzikulunga bulangete, maso ali pa kamzere koyenda pang'onopang'ono ngati birimankhwe.

Amalume ake, amene anamlera bambo ake atamwalira, anasuzumira tsiku lina n'kupukusa mutu.

"Iwe mphwanga, ukuyenda bwanji kudzanja lamanja? Ugundana ndi anzako."

"Ai amalume, ku Brazil amayenda choncho. Ife kuno ndiye timayenda kumanzere."

"Ndiye ukuphunzira kuyendetsa galimoto ya kwa eni? Chabwino. Koma mbatatesi ija ndi ya konkuno."

Mau amenewa anali a nthabwala, koma tsiku lake linafika. Munali mu February, mvula ikugwa usana ndi usiku, nyengo imene chiwawu chimagwira mbatatesi ngati moto wa tchire. Mnyamatayo anali atasewera miyezi isanu ndi iwiri, ali ndi malole atatu ndi garaja yakeyake. Amalume anampatsa ndalama kuti akagule mankhwala opopera. Ali pa msika anamva kuti kwatuluka apudeti yaikulu, yokhala ndi mvula ndi matope zimene anazidikira kuyambira chilimwe. Anadziuza kuti angochotsapo pang'ono, mankhwala agula ochepa, otsalawo adzaonjezera sabata yamawa. Netiweki inaduka kawiri, ndipo kawiri konse anayambiranso. Pomafika m'bandakucha, theka la ndalama lija linali litapita.

Atatsegula, mvula inalimodi, yokongola, madontho akutsetsereka pa galasi. Koma malole atatu aja munalibe. Garaja munalibe. Ndalama za miyezi isanu ndi iwiri munalibe. Anamubwezera pa chiyambi penipeni, ndi kalole kakale kamene aliyense amayamba nako. Anazimitsa foni n'kuyatsanso, koma sizinasinthe. Anakhala pa chulu paja mpaka atambala analira, manja ali m'khosi.

Chimene chinapweteka koposa chinadza patapita masiku khumi. Mankhwala ochepa aja anangokwanira kumtunda kwa munda. Kumunsi masamba anada bii, ndipo mizere yambiri inaola. Apa panalibe zobisa. Anagwada pakhonde n'kuulula zonse.

Amalume sanakalipe monga iye ankayembekezera. Anakhala chete kanthawi, kenaka anamlozera nyumba yao.

"Nyumba iyi ukuiona? Nkhondo itavuta mu 1986 tinathawira ku Dedza. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, ndipo ife tinabwerera chaka chotsatira. Pano tinapeza tchire lokhalokha. Tinaimika mitengo, n'kufolera mbali imodzi, pakhomo n'kupachika chiguduli. Tinagonamo choncho mvula yonse, ndipo tinkakondwa, chifukwa mwezi uliwonse chinkaonjezeka china. Ndiye ine sindidabwa kuti chinthu chosatha chimakoma. Koma amai ako mbeu sanaiike mbali yodontha. Nyumba yosatha umagonamo, koma suikamo mbeu. Iwe waika mbeu pamene pakudontha."

Mnyamatayo anakhala masabata atatu osatsegula masewerawo. Kenaka tsiku lina, ndi Chipwitikizi chake cha ku sekondale, analembera eni ake. Sanatukwane. Anafotokoza mtundu wa foni yake, tsiku limene zinachitika, ndi zimene anataya. Anaonjezanso kuti kwao netiweki imadukaduka, ndipo apudeti ikaduka imayambiranso pachiyambi, kudya ndalama za munthu kawiri. Yankho linabwera patapita mwezi, lalifupi. Anapepesa, nanena kuti malole ake sangathe kuwabweza, koma kuti vutolo laoneka kwa anthu enanso ndipo alikonza. Analikonzadi. Iye anaonetsa uthengawo kwa aliyense pa bwalo la bawo. Kuti anthu a kutsidya kwa nyanja yaikulu amve mau a mlimi wa ku Domwe, kwa iye chinali chinthu chachikulu kuposa malole atatu aja.

Mu May mbatatesi yotsalayo inakumbidwa, ndipo amalume anamtuma kuti aperekeze matumba pa lole yeniyeni yopita ku Tete. Anakhala kutsogolo, pambali pa dalaivala wa imvi. Potsika mitunda kulowera ku Mussacama, anaona mkuluyo akutsitsa giya asanafike pa chitsetso, ndipo ananena yekha kuti akutero kuopa kutenthetsa mabuleki. Mkuluyo anamyang'ana.

"Kodi aphwanga munayendetsapo?"

"Ai bambo, ndi za m'foni chabe."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, koma kuyambira pamenepo anayamba kumfunsa mafunso, ndipo ambiri anawayankha bwino. Za magalasi a m'mbali ankazidziwa. Zoti ngolo ukafuna ipite kumanja pobwerera umapinda chiwongolero kumanzere ankazidziwa. Koma panali zina zimene foni sinamuuze. Sinamuuze fungo la mabuleki otentha, kapena mmene katundu wolemera amakankhira kumsana galimoto ikamaima. Sinamuuze za kutentha kwa ku Moatize kumene kumaumitsa kukhosi munthu wozolowera mphepo ya kumapiri. Ndipo pamene kamwana kothamangitsa mbuzi kanadumphira mu mseu, lole n'kuima patangotsala pang'ono, miyendo yake inanjenjemera mpaka anaoloka Zambezi.

"Kwanuko mukagunda mumatani?" anafunsa mkuluyo.

"Timayambiranso."

"Kuno kulibe zoyambiranso, aphwanga. Koma mutu muli nao. Pezani chiphaso, mudzandifune."

Chibwerere ku Tete, mnyamatayo anagwirizana ndi amalume ake. Ndalama za munda sazikhudzanso. Pa thumba lililonse limene agulitsa, gawo lake amalipereka kwa amai ake kuti alisunge, ndipo amai amenewa mau oti apudeti sawamva ngakhale pang'ono. Ndalamazo ndi za sukulu yoyendetsa galimoto. Mamega amagula ndi za maganyu osenza matumba pa msika, ndipo amasewera Lamulungu masana akabwera ku tchalitchi. Akamva kuti kwatuluka zatsopano, amayamba wadikira masiku angapo kuti amve ngati ena alira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masewera aja mpaka pano sanathe. Mlatho uja udakali theka, ndipo eni ake akulonjezabe kuti posachedwa. Iye tsopano ali ndi malole awiri. Ana a m'mudzi amamuunjirira pakhonde, kulimbirana kuti aone, ndipo amalume nawo amakoka mpando n'kukhala chapatali ngati sizikuwakhudza. Koma lole ikayandikira pa mphambano, mau oyamba kumveka amakhala ao: "Chepetsa liwiro, iwe! Katunduyo ndi wa eni!"