Kuzizira Kogula ndi Ndalama

Ife a ku Domwe timakudziwa kuzizira. Phiri lathu ndi lalitali mamita 2,095. M'miyezi ya Juni ndi Julaye cisanu cimagwa m'madambo, nicipsereza mbewu za m'dimba. Ana amatsokomola usiku wonse. Palibe amene amakondwa nayo nyengo imeneyi.

Koma alipo anthu amene amagula kuzizira ndi ndalama. Ku Lesotho kuli malo ochedwa Afriski, pa mapiri a Maloti, pamwamba kupitirira mamita 3,000. Kumeneko kumagwa cipale cofewa, coyera ngati ufa. Alendo amamanga matabwa awiri kumapazi, naterereka nawo kutsika phiri. Madzulo amakagona m'nyumba zodula.

Nyumba yotere tinaiona pafupi, ku Malawi. Ife aphunzitsi a sukulu ya akulu tinapita kumsonkhano, ndipo tinagona masiku awiri m'hotela ya Ku Chawe, pa phiri la Zomba. Panja mphepo inali yomweyi ya kwathu, nkhungu yomweyinso. Koma m'kati munali mofunda. Tinafuna kudziwa cifukwa cake, ndipo tinayang'ana bwino. Khoma linalibe mng'alu. Citseko cinkatsekeka ndithu. Moto unkayaka m'cipinda, utsi wonse nkumatulukira pa cumuni. Pa kama panali mabulangeti okhuthala.

Pamenepo tinaona kuti kuzizira kumakomera munthu amene ali ndi pothawira. Mlendo amaseka ndi mphepo masana cifukwa adziwa kumene adzagona. Mwana wogona pa mphasa, m'nyumba yamazenga, sangaseke nayo.

Ndalama za hotela tilibe. Koma dothi tili nalo, udzu tili nawo, manja tili nawo. Mwezi wa Meyi usanathe, timate ming'alu yonse, tikonze zitseko, tifolere madenga. Pogulitsa mbatatesi tiyambe tagula bulangeti la ana. Tibzale mitengo pafupi ndi mudzi, kuti nkhuni zisasowe ndipo phiri lisatsale dazi.

Cinthu cimodzi ticenjere naco. Tisagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo. Mbaula ituluke panja tisanagone.

Mafunso

1. Kodi nyumba ya pa phiri la Zomba inali yofunda cifukwa ciani?
2. Kodi mphepo imalowera pati m'nyumba mwanu?
3. Lembani zinthu zitatu zimene mudzacita Juni asanafike.